Mugonekeni cham'mbali

Agogo anga aakazi anafika ku Kitwe mu 1953. Anakwera lole kuchoka ku Katete mpaka ku Lusaka, kenako sitima, kutsatira agogo aamuna omwe ankagwira ntchito pansi pa mgodi wa Nkana. Nyumba yawo inali m'komboni ya Wusakile, pakati pa Abemba, Alamba, Alunda ndi Anyakyusa ochokera ku Tanganyika. Mpaka imfa yawo mu 2016, Chibemba chawo chinali chopotoka moti adzukulufe tinkafa nacho chiseko. Koma mowa wawo sunkafuna womasulira. Anafulula masese kwa zaka zoposa 30, ndipo pa zaka zoyambirira ntchito imeneyi inali mlandu woti munthu nkugona nawo m'chitokosi.

Pakhomo pawo panali malamulo atatu. Loyamba, chipanda choyamba ankamwa ndi iwo eni pamaso pa anthu onse, kuti aliyense aone kuti mumphikamo mulibe choipa. Lachiwiri, munthu woledzera kwambiri sachoka yekha; ngati palibe womuperekeza, agone pomwepo. Lachitatu, munthu akagwa ndi mowa, amugoneke cham'mbali pamphasa, bondo limodzi lopinda, kumsana kwake atsamiritse mtondo kuti asatembenuke chagada, ndipo mwana mmodzi akhale pafupi kumamuyang'ana. Mwanayo nthawi zambiri anali bambo anga, ndipo ankadandaula kuti ubwana wawo unathera kulondera zidakwa.

Nkhani zimenezi ndinazimva kambirimbiri ndili wamng'ono, tikukazinga chimanga pa mbaula. Mu July 2020 ndinaiwala lamulo lachitatu, ndipo msuweni wanga anamwalira. Za usiku umenewo ndifotokoza, koma mundilole ndiyambe kutali, chifukwa funso lomwe landisowetsa tulo ndi ili: zinatheka bwanji kuti mayi wosapita kusukulu adziwe chinthu chomwe ife, anyamata asanu ndi atsikana atatu, aliyense ndi foni yake ya intaneti m'manja, sitinachichite?

Migodi ikuluikulu ya kuno inayamba kutulutsa mkuwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930: Roan Antelope ku Luanshya, Nkana ku Kitwe, kenako Mufulira ndi Nchanga. Amuna anakhamukira kuno kuchokera mbali zonse, ndipo azungu a migodi ndi a boma anadziwa kuti munthu wotuluka pansi ali ndi fumbi kukhosi adzafuna chonyowetsa. Njira yoyendetsera ludzu limeneli anaitenga ku South Africa. Mu 1908 boma la Natal linakhazikitsa lamulo lopatsa makhonsolo mphamvu yoti iwo okha ndiwo afulule ndi kugulitsa mowa wa anthu akuda m'matauni. Mzinda wa Durban unayamba kutero mu 1909, ndipo phindu lake linali lalikulu moti matauni ena, mpaka kuno ku Northern Rhodesia, anatengera. Ndiwo anali chiyambi cha biyaholo: bwalo lotchingidwa ndi mpanda, mabenchi, mzere wa anthu ogwira zitini, mlonda pachipata ndi belu lotsekera.

Ndalama za m'biyaholo zinkamangira zipatala zing'onozing'ono za m'komboni, maholo ndi mabwalo a mpira. Kunena mosapsatira, wantchito ankadzilipirira yekha chisamaliro chake kudzera m'chikho, ndipo mzungu wokhala kumayadi sankakhudzidwa msonkho. Kuti phinduli lisathawe, mowa wa kunyumba unayenera kuletsedwa kapena kupanikizidwa ndi ziphaso, ndipo mowa wachizungu wa m'mabotolo unali woletsedwa kwa munthu wakuda kwa nthawi yaitali. Mdani wamkulu wa khonsolo anali mayi ngati agogo anga.

Apa ndi pamene pali phunziro loyamba la mbiri yathu ya usiku, ndipo agogo ankalifotokoza bwino kuposa mabuku. Mowa wamasese umafuna masiku. Uviike chimanga kapena mawere, umeretse chimera, uphike, usiye uwire, usefe. Fungo lake limauza komboni yonse, ndipo dramu silibisika pansi pa bedi. Apolisi a komboni akabwera ankagubuduza madramu, mowa nkumayenda m'ngalande amayi akulira. Ndiye amayi ena anaganiza: bwanji chinthu chopsa msanga, chochepa malo, chokalipa kwambiri? Ena anayamba mowa wa shuga ndi yisiti wongogona usiku umodzi, wa mtundu womwe kumwera ankautcha skokiaan, dzina lomwe August Musarurwa wa ku Bulawayo anapatsa nyimbo yake yotchuka ija. Ena anapita kutchire, m'mbali mwa mitsinje, kukatcheza kachasu. Botolo limodzi la kachasu limalowa m'thumba la jekete ndipo limagwira ntchito ya ndowa yathunthu. Womwanso anasintha kamwedwe: sankakhalanso pansi masana onse kupatsirana chipanda ndi kukamba nkhani, koma ankagugudiza chiimire, maso ali kumsewu.

Lamulo linkafuna kuti anthu amwe pang'ono ndi mwadongosolo. Chomwe linabala ndi chakumwa chaukali, chomwedwa mothamanga, m'malo obisika. Kumbukirani chimenechi, chifukwa chibweranso katatu.

M'zaka za m'ma 1950 biyaholo inasanduka nkhani ya ndale. A chipani cha African National Congress ankalimbikitsa anthu kunyanyala mowa wa khonsolo, ndipo amayi ankaima pazipata kubweza amuna. Ena mwa amayiwo ankadana ndi mowa chifukwa unkadya malipiro a pakhomo. Ena, monga agogo, ankadana ndi mowa wa khonsolo chabe, ndipo sankachita manyazi kunena kuti kunyanyalako kunawachulukitsira makasitomala. M'zaka zomwezo mzungu wina, Max Heinrich, anayamba kufulula masese m'fakitale ku Kitwe, ndipo ndi momwe Chibuku anabadwira. Kampani ya Lonrho inagula bizinesi yakeyo mu 1964, chaka cha ufulu. Achinyamata a lero amanyoza Chibuku kuti ndi mowa wa madala, koma ine ndimuikira kumbuyo pang'ono. Ukali wake ndi wochepa, pafupifupi magawo 4 pa 100, ndipo amakhutitsa ngati phala. Mimba imadzaza mutu usanazime. Zomwe zinabwera pambuyo pake zilibe chifundo chimenecho.

Ufulu utabwera, mabala anatseguka kwa aliyense ndipo mkuwa unali pa mtengo wabwino. Amalume anga aakulu, omwe anali mnyamata m'zaka za m'ma 1970, akayamba kukamba za nthawi imeneyo mpaka nsima imazizira. Gulu la WITCH linachokera ku Kitwe konkuno, Amanaz chimodzimodzi, ndipo mu 1975 onse awiri anatulutsa zimbale zomwe lero azungu akuzisakasaka: Lazy Bones!! ndi Africa. Zimbale zinkadindidwa ku Ndola, ku Teal. M'maholo a migodi anthu ankavina mpaka thukuta kudontha kudenga, ndipo kuseri kwa holo chamba chinkayenda dzanja ndi dzanja. Amalume amati panali lamulo losalembedwa: amene mwabwera naye ndi amene mubwerere naye. Mukafika kunyumba mnzanu palibe, mayi ake adzakufunsani inu, osati apolisi.

Chisangalalocho sichinakhalitse. Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975. Chakumapeto kwa zaka zimenezo ndege za Ian Smith zinayamba kuponya mabomba m'dziko muno, ndipo boma linaika malamulo oletsa kuyenda usiku ndi ozimitsa magetsi. Magulu oimba anasamukira ku madansi a masana, ndipo ofuna usiku anasamukira m'mashabini, zitseko zokhoma, makatani otseka. Kubisala kuja kunabwerera.

Kenako dziko linadzidzimuka ndi mandrax. Mapiritsi amenewa ankachokera ku India kudutsa muno kupita ku South Africa, ndipo mu 1985 bwalo lapadera lotsogozedwa ndi woweruza Chaila linafufuza anthu otchuka omwe ankaganiziridwa kuti ali m'malondawo. Mu 1989 boma linakhazikitsa Drug Enforcement Commission, yomwe tonse timangoti DEC, ndipo mu 1993 kunabwera lamulo lokhwima la mankhwala ozunguza bongo. Pansi pa lamulo limenelo, chamba chongopitirira theka la gramu chinkatha kukusandutsa wozembetsa pamaso pa khoti, ndipo mlandu wozembetsa unalibe belo. Lamulo lopangidwira anthu a masutikesi pabwalo la ndege linagwera kwambiri mnyamata wa ku Chimwemwe wokhala ndi kandudu kamodzi m'sokosi. Mu 2021 nyumba ya malamulo inabweretsa lamulo latsopano, pamodzi ndi lina lololeza kulima chamba cha mankhwala kwa okhala ndi chiphaso, koma kusuta kudakali mlandu. Ndiyenera kunena chilungamo: DEC ili ndi nthambi yophunzitsa ndi kupereka uphungu, ndipo pali mabanja omwe anathandizidwa nayo. Koma zaka 30 za mantha zinabzala chinthu m'mitu mwathu. Mnzathu akadwala ndi zomwe wamwa, ganizo loyamba silikhala chipatala. Limakhala chitokosi.

Pali nthawi imodzi yomwe dziko lathu linasankha njira ina, ndipo linasankha chifukwa maliro anachuluka. Edzi inapulula m'badwo wa amalume. Oimba ambiri a Zamrock anapita nayo, ndipo amalume akamaloza chithunzi cha anzawo asanu ndi awiri pa dansi ina ku Mindolo, amoyo ndi awiri. Mu 1987 Kenneth Kaunda anauza dziko lonse lapansi kuti mwana wake Masuzgo, yemwe anamwalira chaka cha 1986, anafa ndi edzi. Mu 1988 ku Kitwe kunayamba bungwe la Copperbelt Health Education Project, lophunzitsa anthu za matendawa. Mu 1992 makondomu a Maximum anayamba kugulitsidwa m'tumashopu ndi m'mabala, patangopita chaka Frederick Chiluba atalengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu. Mkangano unali woopsa. Abusa ambiri ankati kondomu ndi chiphaso cha chiwerewere. Azaumoyo ankayankha kuti ulaliki upitirire, koma amene sanamve ulalikiwo Loweruka usiku akhale moyo kuti adzaumve Lamlungu. Lero palibe amadabwa kuona bokosi la makondomu pa kauntala ya bala ku Masala kapena ku Buchi.

Maganizo amenewa ali ndi dzina m'Chingerezi, harm reduction, kutanthauza kuchepetsa ngozi kwa munthu amene sanasiye chinthu choopsa. M'zaka zomwezo za edzi, ku Amsterdam mu 1984 ndi ku Liverpool mu 1986 anayamba kupatsa odzibaya heroin masingano atsopano kuti asabwerekane. Ku Netherlands kuyambira 1992 munthu amatha kupereka piritsi lake kuti aliyeze, adziwe chomwe chili m'kati asanapite nalo ku dansi. Musaganize kuti ndi za azungu okha. Tanzania inatsegula chipatala chopereka methadone kwa ogwidwa ndi heroin ku Muhimbili, Dar es Salaam, mu 2011, ndipo Kenya inatsatira mu 2014. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, linalangiza mu 2014 kuti mankhwala a naloxone, omwe amadzutsa munthu amene mpweya wake wazimitsidwa ndi heroin kapena codeine, azipezeka kwa anthu wamba omwe angakhale pafupi ndi ngozi yotere. Nditawerenga zonsezi ndinangoona mtondo wa agogo utavala jekete loyera.

Ife pa kondomu tinavomera. Pa botolo ndi piritsi sitinavomerebe.

M'badwo wanga unakula migodi itagulitsidwa. ZCCM, yomwe inkapereka nyumba, chipatala, mpira ngakhale mababu a magetsi, inamalizidwa kugulitsidwa mu 2000, ndipo abambo ambiri anatsala pakhomo ndi kalata yowachotsa ntchito. Maholo aja anasanduka matchalitchi kapena mabwinja. M'malo mwake munabwera tujilijili, timapepala tapulasitiki ta kachasu wa m'fakitale, ukali wake magawo 40 pa 100 kapena kuposa, mtengo wake wochepera botolo la zoziziritsa kukhosi. Tinkalowa m'thumba la yunifolomu. Kondakitala ankang'amba ndi mano basi ikuyenda. Ine kanga koyamba ndinamwa ndili giredi 9, kuseri kwa chimbudzi cha sukulu. Mu April 2012 nduna ya maboma aang'ono, Nkandu Luo, inaletsa tujilijili, ndipo pa ichi sinditsutsa: chinthu chomwe mwana wa zaka 12 angagule ndi chenji cha buledi chinayenera kuchoka. Koma ludzu ndi ulova sizinaletsedwe. Kachasu yemweyo anabwerera m'timabotolo, tina tolembedwa bwino, tina tongodzazidwa kuseri kwa msika, ndipo kuti mudziwe chomwe chili m'kati mumayenera kuchimwa.

Apa lamulo loyamba la agogo, lolawa chipanda choyamba, limafika pothera. Mu January 2015 ku Chitima, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anthu 75 anamwalira atamwa mowa wamasese pamaliro. Poyamba kunamveka mphekesera ya ndulu ya ng'ona, koma ofufuza anapeza kuti chiphe chinachokera ku tizilombo tomwe tinamera mu ufa woola. Mayi wofulula mowawo anali mmodzi mwa omwalira. Mu 2024 ku Blantyre anthu angapo anafa ndi kachasu yemwe omwa eni ake anamutcha Ambuye nditengeni. Imfa zambiri za kachasu wotere padziko lapansi zimachokera ku methanol, sipiriti wa m'mafakitale yemwe ogulitsa amathira kuti katundu achuluke. Lilime silimusiyanitsa ndi mowa. Amadikira maola 12 mpaka 24, nthawi zina kuposa, kenako mutu, kusanza, kupuma mothamanga ndi maso kuchita chifunga. Munthu akanena m'mawa kuti sakuona bwino atamwa kachasu wosadziwika dzulo lake, amenewo si matsire. Apite kuchipatala nthawi yomweyo, pamodzi ndi onse omwe anamwa botolo limenelo.

Tsopano ndifike pa usiku uja.

Mu March 2020, matenda a Covid-19 atafika, Pulezidenti Edgar Lungu analamula kuti mabala ndi makalabu atsekedwe. Chifukwa chake chinali chomveka. Koma kachitatu m'mbiri ya tauni ino, chisangalalo chinalowa m'nyumba ndi kukhoma chitseko. Ku bala, kaya ndi koipa bwanji, kuli mayi wa pa kauntala yemwe waona zidakwa zikwizikwi, kuli mlonda, kuli mataxi panja, kuli nthawi yotseka. M'nyumba ya mnzathu ku Kwacha, makolo ake atapita kumaliro kumudzi, kunalibe wamkulu aliyense. Wamkulu ndinali ine, wa zaka 26.

Panali timabotolo ta kachasu wotchipa. Panali mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, osakaniza ndi chakumwa chotsekemera m'jagi. Wina anabweretsa timapiritsi ta diazepam. Msuweni wanga, mwana wa azakhali, anali ndi zaka 22 ndipo anali atangomaliza maphunziro a zamagetsi. Sanali chidakwa. Mwina nchifukwa chake thupi lake silinapirire. Anamwa zonse zitatu, pang'onopang'ono, monga tonsefe. Chomwe sitinkadziwa nchakuti zitatuzi zimakoka chingwe chimodzi. Mowa, codeine ndi diazepam zonse zimagonetsa mbali ya ubongo yomwe imalamula kupuma, ndiponso zimazimitsa chikhosomo chomwe chimateteza mapapo munthu akasanza. Muyezo womwe payekha sungaphe, zikakumana umapha.

Cha m'ma 1 koloko anayamba kusinza pampando. Tinamunyamula awiri, ine kumapewa, kukamuika pabedi m'chipinda. Ndinamugoneka chagada. Ndinamuvula nsapato, ndinamufunditsa bulangete chifukwa July wa ku Kitwe mumamudziwa, ndipo ndinatseka chitseko kuti nyimbo zisamusokoneze. Ndinkaona ngati ndikumusamala.

Patapita ola mtsikana wina analowa kukatenga chaja, nabwerako akuseka kuti tikamve mkonono. Unali mkonono wachilendo, wokoka, wodukiza, ngati paipi yotsekeka. Tinaseka. Wina anajambula pa foni. Mtsikana yemweyo, atamuunika, anasiya kuseka.

"Imwe, milomo yake yada. Timutengere kuchipatala."

"Iwe, ufuna tonse tikagone m'chitokosi?" anatero mwini nyumba. "Akafunsa wamwa chiyani tikanena chiyani? Ndipo maphwando ndi oletsedwa. Musiyeni, mowa utha wokha."

Anayang'ana kwa ine, poti anali m'bale wanga. Ndinamugwedeza, sanadzuke. Ndinamuwaza madzi kumaso, anangobuula. Ndinati, "Ali bwino, ndi tulo chabe." Ndinatsekanso chitseko.

Cha m'ma 5 mkonono unali utasiya. Tinapeza taxi, koma kuchipatala anangotsimikiza zomwe tinkaziona kale. Anatiuza pambuyo pake kuti masanzi analowa m'mapapo. Palibe wapolisi anatimanga. Chomwe tinkachiopa usiku wonse sichinabwere nkomwe.

Pamaliro azakhali anandiitanira kuseri kwa nyumba. Sanakalipe.

"Mwanawe, unali pomwepo?"

"Ee, azakhali, ndinalipo."

"Unamugoneka bwanji?"

Iwo anakulira m'nyumba ya ku Wusakile ija. Anali atalonderapo zidakwa pamphasa. Sindinayankhe, ndipo sanafunsenso.

Namwino wina woyandikana nafe nyumba, mayi wachikulire, ndi amene anandikhazika pansi patapita miyezi, ataona kuti ndikuwonda. Sananditonthoze ndi mabodza. Anandiphunzitsa. Munthu amene sakudzuka ngakhale mutamutsina mwamphamvu sali m'tulo, wakomoka. Mkonono wokoka ndi wodukiza mwa munthu wotere ndi chizindikiro chakuti njira ya mpweya ikutsekeka. Werengani mpweya wake ndi wotchi ya pa foni: ukachepera ka 8 pa mphindi, kapena akamadukiza masekondi 10, kapena milomo ndi zikhadabo zikada, thamangani naye. Musamumwetse mkaka, madzi amchere kapena khofi, chifukwa wokomoka sameza bwino ndipo mukhoza kumutsamwitsa ndi manja anu. Musamulowetse chala kukhosi. Musamuthire madzi ozizira, thupi lake lazizira kale. Mugonekeni cham'mbali, dzanja pansi pa tsaya, bondo lam'mwamba lopinda, chibwano chokweza pang'ono, ndipo wina akhale naye osachoka. Mukafika kuchipatala nenani zonse zomwe wamwa, ndipo ngati botolo kapena pepala la mapiritsi lilipo, litengeni. Anati ntchito ya dokotala ndi kudziwa chomwe akulimbana nacho. Codeine ali ndi mankhwala omubweza, koma mphindi zotayika pofufuza bodza lanu sizibwerera.

Ndinamufunsa chifukwa chake zimenezi sitinaphunzitsidwe kusukulu, komwe tinkaimba nyimbo zokana mankhwala ozunguza bongo chaka ndi chaka. Anaseka pang'ono nati akuluakulu amaopa kuti ukaphunzitsa mwana kupulumutsa woledzera ndiye kuti wamuloleza kuledzera. Ndi mkangano wa kondomu womwe uja, wangosintha malaya.

Ine sindikuuzani kuti muzimwa, ndipo mapiritsi ndi mankhwala a chifuwa aja ndikanakonda mutawataya m'chimbudzi lero lomwe. Ndinasiya zonse kupatula botolo limodzi kapena awiri a Mosi pa mpira. Koma ndikudziwa kuti Lachisanu likubwerali ku Chifubu, ku Chamboli, ku Lubuto ndi ku Ndeke nyimbo zidzalira, ndipo ena mwa inu mudzakhala komweko kaya ine ndalemba chiyani. Ndiye idyani nsima musanapite. Musasakanize zogonetsa. Botolo losadziwika kochokera lisiyeni, ndipo chakumwa chomwe mwachisiya patebulo popita kovina, makamaka inu alongo anga, musachibwererenso. Pakati panu pakhale mmodzi wamutu wabwino wosunga ndalama ya taxi, ndipo amene mwabwera naye mubwerere naye.

December wathayu ndinali ku Ndola, ku Masala, pa bala ina yomwe sinditchula. Panja pafupi ndi ngalande panagona mnyamata chagada, nsapato imodzi itavuka, anzake atatu ataima chapatali akumaliza mabotolo awo. Ndinamva mkonono uja ndisanamuone nkhope. Ndinagwada m'matope, ndinamutembenuza, ndinapinda bondo, ndinatulutsa foni kuwerenga mpweya. Unali 7.

"Mudala, musiyeni, amachita choncho masiku onse," anatero mmodzi.

"Wamwa chiyani?"

Anayang'anana. Mayi wa pa kauntala anatuluka ndi tochi, nawakalipira m'Chibemba chomwe sindingachilembe pano, mpaka wamng'ono pa onsewo anatulutsa kapepala ka mapiritsi m'thumba. Mayiyo ndiye analipira taxi. Awiri anathawa, wamng'onoyo anakwera nafe akunjenjemera. Ndinakhala kumbuyo, mutu wa mnyamatayo uli pamwendo panga cham'mbali, masanzi akutsikira pa thalauza langa. Tili m'njira foni inayamba kulira m'thumba lake. Ndinaitulutsa. Pagalasi panalembedwa kuti Mayo.

Ndinayankha, ndipo ndinawauza chipatala chomwe tinkapita.